Mapuloteni Amene Amatsegula ndi Kutseka Majini M'maselo Athu

Mwana amene watengera matenda a sickle cell kwa makolo ake onse awiri amabadwa wooneka bwinobwino. Amayamwa, amanenepa, ndipo kusikelo zimayenda bwino. Koma akamakwanitsa miyezi 5 kapena 6, mavuto amayamba: timanja ndi timapazi timatupa, magazi amachepa, ndipo amalira ndi ululu umene mayi ake sauona kumene ukuchokera. Chodabwitsa n'chakuti jini imene ikumudwalitsayo anali nayo kuyambira tsiku limene mayi ake anatenga pakati. Nanga n'chifukwa chiyani matendawa amadikira miyezi yonseyi?

Biology imene ambirife tinaphunzira ku sekondale siyankha funsoli mokwanira. Tinaphunzira za Gregor Mendel ndi nsawawa zake, ndipo tinajambula timabokosi tosonyeza zimene mwana angatengere kwa bambo ndi kwa mayi. Zimenezo n'zoona ndithu, koma zimangotiuza majini amene munthu ali nawo. Sizitiuza kuti jini iliyonse imagwira ntchito liti, m'selo liti, ndiponso ndani amailamula kuti iyambe kapena isiye. Phunziro lino likufotokoza mbali imeneyi. Tikamati jini muno, sitikunena mizimu yoipa ija ayi. Tikunena kachigawo ka DNA kamene kali ndi malangizo opangira chinthu chimodzi m'thupi, kawirikawiri puloteni.

Maselo osiyanasiyana, malangizo amodzimodzi

Thupi la munthu lili ndi mitundu ya maselo yoposa 200. Selo la mu ubongo, la pakhungu ndi la m'chiwindi amasiyana maonekedwe komanso ntchito, koma onse ali ndi DNA yofanana, yokhala ndi majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni. Selo la pakhungu lili nayo jini yopangira hemoglobin, puloteni imene imanyamula mpweya wa okosijeni m'magazi, koma silipanga hemoglobin ngakhale pang'ono.

Kale akatswiri ena ankaganiza kuti mwina selo likamakhwima limataya majini amene silikuwafuna. Mu 1962, John Gurdon wa ku Oxford anasonyeza kuti sizili choncho. Iye anatenga nyukiliyasi ya selo la m'matumbo a mbululu n'kuiika m'dzira la chule limene analichotsa nyukiliyasi yake. Dziralo linakula n'kukhala mbululu yathunthu. Apa zinaoneka kuti selo la m'matumbo linali lidakali ndi malangizo onse opangira chule, kungoti ambiri anali otsekedwa. Kuti timvetse mmene amatsekedwera, tiyambe taona mmene DNA imasungidwira.

Ulusi wa mamita 2 m'malo ochepetsetsa

DNA ya m'selo limodzi la munthu ili m'zigawo 46 zotchedwa ma chromosome. Mutazilumikiza zonse n'kuziwongola, zingatalike pafupifupi mamita 2. Koma nyukiliyasi imene imasunga zonsezi ndi yaing'ono kwambiri, moti mutagawa milimita imodzi m'magawo 100, gawo limodzi ndiye kukula kwake.

Telala sasiya ulusi wake uli mbwee, chifukwa ungapiringizike n'kuduka. Amaukulunga pa bobini. Selo nalonso limakulunga DNA pa timabobini take, timene ndi mapuloteni otchedwa ma histone. Ma histone 8 amagwirana n'kupanga kabobini kamodzi: awiri a mtundu wa H2A, awiri a H2B, awiri a H3 ndi awiri a H4. DNA imazungulira kabobiniko pafupifupi kawiri, ndipo chigawo chozungulirachi chimakhala ndi mapeyala 147 a zilembo za DNA, zija timazilemba kuti A, T, G ndi C. Kabobini pamodzi ndi ulusi wake amakatcha nucleosome, ndipo selo limodzi lili ndi ma nucleosome pafupifupi 30 miliyoni. DNA ndi ma histone zimamatirana chifukwa mphamvu zake zamagetsi n'zosiyana: ya DNA ndi negative, ya ma histone ndi positive, choncho zimakokana.

Mu 1974, Ada ndi Donald Olins anatulutsa zithunzi za pa maikulosikopu amphamvu zosonyeza ma nucleosome atandandalika ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Chaka chomwecho Roger Kornberg anafotokoza mmene mkanda uliwonse unapangidwira, ndipo mu 1997 Karolin Luger ndi anzake ku Zürich anaonetsa kapangidwe kake mwatsatanetsatane. DNA ikakhala pamodzi ndi mapuloteni ake chonchi, imatchedwa chromatin.

Mphasa yoyala ndi mphasa yokulunga

Mphasa ikayalidwa, mlendo amatha kukhalapo. Ikakulungidwa n'kuimikidwa pakona, imakhalabe mphasa yomweyo, koma palibe angakhalepo. Chromatin nayonso imapezeka m'mikhalidwe iwiriyi. Mu 1928, Emil Heitz wa ku Germany anaona kuti mbali zina za ma chromosome zimakhala zothinana kwambiri pamene zina zimakhala zomasuka. Mbali zothinanazo zimatchedwa heterochromatin, ndipo zomasukazo zimatchedwa euchromatin.

Kuti jini igwire ntchito, puloteni yaikulu yotchedwa RNA polymerase II iyenera kutera pachiyambi pa jiniyo, pamalo otchedwa promoter, n'kukopera malangizo ake mu RNA. RNA imeneyo ndi imene imakagwiritsidwa ntchito popanga puloteni. Ngati promoter yaphimbidwa ndi nucleosome, kapena ili mkati mwa heterochromatin, wokoperayo sapeza poima, ndipo jiniyo imangokhala chete. Ndiye funso lalikulu n'lakuti, ndani amayala mphasa ndipo ndani amaikulunga?

Magulu anayi a antchito

Histone iliyonse ili ndi kamchira kamene kamatulukira kunja kwa nucleosome. Pa timichira timeneti ndi pamene selo limaikapo zizindikiro. Mu 1964, Vincent Allfrey wa ku Rockefeller mumzinda wa New York anapeza kuti ma histone amamatidwa timagulu ta mankhwala totchedwa acetyl ndi methyl, ndipo anaganiza kuti zimenezi zimakhudza kukopera kwa majini. Panapita zaka 32 kuti mapuloteni ochita ntchitoyi agwidwe pamanja. Masiku ano tingawaike m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la olemba zizindikiro. Ena amamata acetyl pa lysine, kachidutswa ka m'kamchira ka histone kamene kali ndi mphamvu ya positive. Acetyl ikamatidwapo, mphamvuyo imazilala, histone imaleka kugwira DNA mwamphamvu, ndipo chromatin imamasuka. Mapuloteni amenewa amatchedwa ma HAT, ndipo gulu la David Allis linapeza mu 1996 kuti imodzi mwa iwo ndi puloteni imene inkadziwika kale kuti imadzutsa majini. Olemba ena amamata methyl, ndipo tanthauzo la methyl limadalira malo. Ikaikidwa pa lysine nambala 4 ya histone H3, nthawi zambiri imasonyeza jini yotseguka. Ikaikidwa pa nambala 9 kapena 27, imasonyeza jini yotsekedwa. Puloteni yotchedwa EZH2, imene ili m'gulu la Polycomb, ndi imene imalemba pa nambala 27. Palinso olemba ena, ma DNMT, amene amamata methyl pa DNA yeniyeniyo, pa chilembo C chimene chatsatiridwa ndi G. Promoter ikadzaza methyl wotereyu, jiniyo imatsekeka kwa nthawi yaitali.

Gulu lachiwiri ndi la ofufuta. Ma HDAC amachotsa acetyl, ndipo chromatin imathinanso. Yoyamba inapezedwa ndi gulu la Stuart Schreiber ku Harvard mu 1996, ndipo munthu ali ndi mitundu 18 ya ma HDAC. Kwa zaka zambiri anthu ankati methyl ndi chizindikiro chosafufutika, mpaka mu 2004 pamene gulu la Yang Shi linapeza puloteni yotchedwa LSD1 imene imaichotsa pa ma histone.

Gulu lachitatu ndi la owerenga. Chizindikiro chilibe phindu ngati palibe wochizindikira. Puloteni yotchedwa BRD4 imagwira pamene pali acetyl n'kuthandiza RNA polymerase II kuti ipitirize ntchito. Ina yotchedwa HP1 imagwira pamene pali methyl ya pa nambala 9, n'kukokera ma nucleosome pamodzi, komanso kuitana olemba kuti aikenso chizindikiro chomwecho pa nucleosome yoyandikana nayo. Umu ndi mmene heterochromatin imafalikira. Kufunika kwa owerenga kumaonekera pa matenda otchedwa Rett syndrome, amene amagwira makamaka ana aakazi: mwana amakula bwino poyamba, kenaka amayamba kutaya luso lolankhula ndi logwiritsa ntchito manja. Mu 1999, gulu la Huda Zoghbi linapeza kuti gwero lake ndi kuwonongeka kwa MECP2, puloteni imene imawerenga methyl wa pa DNA m'maselo a mu ubongo.

Gulu lachinayi ndi la osuntha ma nucleosome. Awa salemba kanthu. Amagwiritsa ntchito mphamvu ya ATP kukankha nucleosome kuti ichoke pamene yaphimba, kuichotseratu, kapena kuibwezera pamalo pofunika kutseka. Ali m'mabanja anayi: SWI/SNF, ISWI, CHD ndi INO80.

Antchito onsewa ambiri mwa iwo sadziwa okha jini yoti akaigwire. Amatsogoleredwa ndi mapuloteni ena otchedwa ma transcription factor, amene amazindikira mndandanda wina wake wa zilembo pa DNA, n'kuterapo, kenaka n'kuitana olemba, ofufuta kapena osuntha. Mtundu uliwonse wa selo uli ndi ma transcription factor akeake, n'chifukwa chake selo la pakhungu limatsegula majini osiyana ndi amene selo la m'chiwindi limatsegula.

Mmene selo limakumbukirira

Selo la m'chiwindi likagawikana, limabereka maselo a chiwindi okhaokha. Zimenezi zimatheka chifukwa zizindikiro zina zimakoperedwa pamodzi ndi DNA. Ulusi watsopano ukangopangidwa, puloteni yotchedwa DNMT1 imaona pamene ulusi wakale uli ndi methyl n'kumata methyl pamalo ofanana pa watsopanowo. Ma histone akale nawonso amagawidwa ku mbali zonse ziwiri, ndipo amakhala chitsanzo cholembera ma histone atsopano. Maphunziro a kusintha kotereku, kumene kumapitirira m'maselo popanda chilembo chilichonse cha DNA kusintha, amatchedwa epigenetics, mawu amene Conrad Waddington anayambitsa mu 1942.

Chitsanzo chooneka ndi maso chilipo. Mkazi ali ndi ma chromosome awiri a X, mwamuna ali ndi imodzi. Mu 1961, Mary Lyon wa ku Britain anafotokoza kuti mwana wamkazi akangoyamba kupangika m'mimba, selo lililonse limatseka X imodzi, mwina ya kwa mayi, mwina ya kwa bambo. RNA yotchedwa XIST imakuta chromosome imeneyo n'kukoka mapuloteni a Polycomb ndi ofufuta acetyl, ndipo pafupifupi chromosome yonse imasanduka heterochromatin. Maselo onse ochokera m'selo limenelo amasunga chisankho chomwecho. Mwa amphaka, jini ya ubweya wakuda kapena wachikasu chofiirira ili pa X. N'chifukwa chake mphaka wamawanga a mitundu iwiriyi pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi: wanga lililonse ndi gulu la maselo amene anatseka X yofanana.

Yankho la funso la sickle cell

Tsopano tingathe kuyankha funso limene tinayamba nalo. Munthu amapanga mitundu yosiyana ya hemoglobin pa nthawi zosiyana. Mwana ali m'mimba amapanga hemoglobin F, imene imakoka okosijeni mwamphamvu kuchokera m'magazi a mayi ake. Akabadwa, thupi limasinthira ku hemoglobin ya akuluakulu. Majini a mitundu yonse iwiriyi ali moyandikana pa chromosome nambala 11: majini a gamma ndi a hemoglobin F, ndipo jini ya beta ndi ya hemoglobin ya akuluakulu.

Vuto la sickle cell lili mu jini ya beta, mmene chilembo chimodzi chokha chinasintha, A kukhala T. Majini a gamma alibe vuto. Pobadwa, hemoglobin yambiri m'magazi a khanda imakhala F, choncho maselo ake ofiira sapindika kawirikawiri. Dokotala wa ana wa ku Brooklyn, Janet Watson, anaona zimenezi mu 1948. Koma miyezi ikamapita, majini a gamma amatsekedwa, jini ya beta yolakwikayo imatenga malo, ndipo maselo ofiira amayamba kupindika ngati chikwakwa n'kumatseka timitsempha ta magazi.

Wotseka majini a gamma anadziwika mu 2008, pamene gulu la Stuart Orkin ku Boston linasonyeza kuti ndi transcription factor yotchedwa BCL11A. Iyo imatera pa promoter ya gamma n'kuitana gulu la mapuloteni lotchedwa NuRD, limene lili ndi ofufuta acetyl komanso wosuntha ma nucleosome wa m'banja la CHD. Mphasa ya gamma imakulungidwa, ndipo mwa munthu wamkulu hemoglobin F imatsala yochepera 1 peresenti. Alipo anthu ena amene majini awo a gamma satsekeka kwenikweni, ndipo ngakhale atakhala ndi jini ya sickle cell, sadwala kwambiri.

Akatswiri ataona zimenezi anaganiza zoyalanso mphasa ija. Chithandizo chotchedwa Casgevy chimatenga maselo obereka magazi a wodwala mwiniwakeyo, n'kudula kachigawo ka DNA kamene kamadzutsa BCL11A m'maselo ofiira, kenaka n'kuwabwezera m'thupi. BCL11A ikachepa, majini a gamma amatsegukanso. Dziko la Britain linavomereza chithandizochi mu November 2023, ndipo la America mu December chaka chomwecho. Mu 2023, mtengo wake ku America unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, pamene mwa ana oposa 500,000 amene amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri amabadwira mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo ku Malawi kuno. Mankhwala otsika mtengo otchedwa hydroxyurea nawonso amachulukitsa hemoglobin F, ngakhale kuti amadzera njira ina. Kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika pa ana a ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa ululu, kuikidwa magazi ndiponso imfa.

HIV ndi khansa

Chromatin imatithandizanso kumvetsa chifukwa chimene ma ARV samwedwa kwa kanthawi chabe. Kachilombo ka HIV kakalowa m'selo la CD4, kamalowetsa majini ake mu DNA ya munthuyo, ndipo selo limawakulunga pa ma histone monga limachitira ndi majini ake. M'maselo ena a CD4 amene akupuma, ma HDAC ndi olemba methyl amatseka majini a kachilomboko. Kamangokhala phee, kosapanga kanthu, moti chitetezo cha m'thupi sichikaona ndipo ma ARV alibe chochita nako, chifukwa iwo amalimbana ndi kachilombo kamene kakuswana. Nkhokwe yobisika imeneyi inatsimikizidwa mu 1997. Munthu akasiya mankhwala, maselo ena amadzuka, ndipo kawirikawiri pakangotha milungu yochepa kachilombo kamachulukanso m'magazi. Mu 2012, gulu la David Margolis ku North Carolina linasonyeza kuti vorinostat, mankhwala oletsa ma HDAC, amatha kudzutsa majini obisalawo mwa odwala, koma kudzutsa kokhako sikunathetse nkhokweyo.

Pa khansa napo, antchito a chromatin amapezeka atasokonekera. Pafupifupi khansa imodzi mwa zisanu zilizonse imakhala ndi vuto m'majini opangira SWI/SNF. M'khansa zambiri, majini amene amaletsa selo kugawikana mwachisawawa amapezeka atatsekedwa ndi methyl, ngakhale kuti zilembo zake zili bwinobwino. Popeza chotsekedwa chingatsegulidwe, papangidwa mankhwala ngati azacitidine, amene anavomerezedwa ku America mu 2004 ndipo amaletsa ma DNMT, komanso vorinostat yemwe uja, amene anavomerezedwa mu 2006 pa mtundu wina wa khansa ya maselo oyera imene imaonekera pakhungu.

Kwa ife amene tidzaima kutsogolo kwa kalasi

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala pophunzitsa. Choyamba, ophunzira asatuluke m'kalasi akuganiza kuti kukhala ndi jini ndi chimodzimodzi ndi kuigwiritsa ntchito. M'madera ena, mwana amene anabadwa wathanzi n'kuyamba kudwaladwala amamuganizira kuti walodzedwa, ndipo banja limachedwa kupita naye kuchipatala. Wophunzira amene wamvetsa za hemoglobin F angathe kufotokozera achibale ake chifukwa chimene matenda obadwa nawo angachedwere kuoneka, komanso kufunika kokayezetsa magazi.

Chachiwiri, tisakokomeze. N'zoona kuti zimene mwana amakumana nazo ali m'mimba zimatha kusiya zizindikiro. Anthu amene mayi awo anatenga pakati m'nyengo ya njala ya ku Netherlands ya 1944 mpaka 1945 anapezeka, patapita zaka pafupifupi 60, ali ndi methyl wocheperako pa jini ya IGF2 poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Koma kusiyanako kunali kochepa, ndipo zizindikiro zambiri zimafufutidwa pamene mbewu ya bambo ndi dzira la mayi zikupangidwa, komanso zikangokumana. Jini ya sickle cell nayo siingafufutidwe ndi chakudya, tiyi kapena mankhwala ogulitsidwa m'misika, chifukwa vuto lake lili pa chilembo chenicheni cha DNA.

Mfundo ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, imagwira bwino pamutuwu. Tengani ulusi wa mamita 2 ndi zitsekerero za mabotolo 10. Ophunzira azunguliritse ulusiwo kawiri pa chitsekerero chilichonse, n'kusiya mpata pang'ono pakati. Detsani kachigawo ka ulusiwo ndi inki kuti kakhale promoter. Kenaka gulu lina lithinanitse zitsekererozo mpaka inkiyo isaoneke, gulu lina lizisunthe mpaka ionekere. Afunseni ngati ulusiwo wasintha, ndipo muwasiye akambirane.

Mafunso obwereza

1. Kodi zimene John Gurdon anachita mu 1962 zinasonyeza chiyani za majini a selo lokhwima?
2. N'chifukwa chiyani acetyl imamasula chromatin?
3. Tchulani magulu anayi a mapuloteni oyendetsa chromatin, ndipo perekani chitsanzo chimodzi pa gulu lililonse.
4. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chimene khanda la sickle cell limayambira kudwala litakwanitsa miyezi 5 kapena 6.
5. Mnzanu amene magazi ake sakuonetsanso kachilombo akufuna kusiya ma ARV. Pogwiritsa ntchito zimene mwaphunzira za chromatin, mungamufotokozere bwanji kuopsa kwake?